Khadi la RTX 3060 pa ntchito yopanga maadiresi a Bitcoin odzisankhira

Khadi la graphics limene ndikulikamba pano ndi GeForce RTX 3060 la 12 GB, limene kampani ya NVIDIA inalitulutsa mu February 2021 pa mtengo wa madola 329 a ku America. Langa ndinaligula logwiritsidwa kale ntchito, pa nthawi imene makhadi otere anachuluka pa msika ndalama ya pa intaneti yotchedwa Ethereum itasiya kukumbidwa (kupangidwa) ndi makhadi mu September 2022, ndipo sindinaligulire masewera a pa kompyuta. Ndinkafuna kupanga adiresi ya Bitcoin yoyamba ndi zilembo zimene munthu wasankha yekha, imene anthu a ntchitoyi amaitcha vanity address. Anzanga akamva zimenezi, funso lawo limakhala lakuti kodi khadi lomweli silingapeze makiyi a ndalama zimene eni ake anazitaya. Yankho langa ndi lakuti pa ntchito yoyambayo khadili ndi lokwanira ndithu, koma pa yachiwiriyo aliyense woligula akungotaya ndalama zake ndi magetsi ake. Masamu ake ndi amene akundichititsa kunena motsimikiza chonchi.

Adiresi ya Bitcoin munthu sangailembe mmene akufunira monga amachitira ndi dzina la pa Facebook. Imachokera ku kiyi wachinsinsi, amene ndi nambala yaikulu ya ma bit 256. Nambalayi imadutsa m'masamu otchedwa secp256k1 n'kutulutsa kiyi wapoyera, kenaka kiyi wapoyerayo amapukusidwa ndi SHA-256 komanso RIPEMD-160, ndipo zotsalazo ndi zimene zimalembedwa ngati adiresi. Ulendo umenewu ndi wopita kokha, palibe njira yobwerera kuchoka pa adiresi kukafika pa kiyi. Choncho munthu wofuna adiresi yoyamba ndi dzina la mudzi wake alibe chochita china koma kuyesa kiyi, kuona adiresi imene yatuluka, kuitaya ngati siikugwirizana, ndi kuyesanso wina, mpaka mwayi utamugwera. CPU ya kompyuta wamba imayesa makiyi mamiliyoni angapo pa sekondi, pamene khadi la graphics, chifukwa chakuti limachita masamu ofanana ambirimbiri pa nthawi imodzi, limafika m'mabiliyoni.

Pulogalamu imene ndimagwiritsa ntchito ndi VanitySearch ya Jean-Luc Pons, imene inatuluka mu 2019 ndipo imapezeka kwaulere pa GitHub. Isanabwere iyi anthu ankadalira vanitygen ya mu 2011 ndi inzake oclvanitygen yoyendera OpenCL. VanitySearch imayendera CUDA, njira ya NVIDIA yochitira masamu pa khadi, kutanthauza kuti imagwira pa makhadi a NVIDIA okha, ndipo mwini khadi la AMD ayenera kuyang'ana kwina. Popeza pulogalamuyi inalembedwa makhadi a mtundu wa Ampere, ngati langali, asanabwere, ndinaimanga ndekha pa Linux n'kuiuza kuti khadi langa ndi la compute capability 8.6. Pamenepa ndi pamene munthu wosazolowera angatope, koma ndi ntchito ya madzulo amodzi. Ndikofunikanso kuyesa manambala osiyanasiyana pa -g, lamulo louza pulogalamu mmene igawire ntchito pa khadi, chifukwa mmene pulogalamuyi imagawira ntchito payokha sikuti nthawi zonse ndi mmene khadi limathamangira bwino, ndipo ine ndimaika -t 0 kuti CPU isamasake nawo, popeza zimene imawonjezera ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi kutentha kumene imabweretsa m'bokosi la kompyuta.

Zonse zitakhala m'malo mwake, khadili limayesa makiyi opitirira pang'ono biliyoni imodzi pa sekondi. Kuti masamu asavute, nditenga biliyoni imodzi yeniyeni pa zitsanzo zonse zotsatirazi.

Maadiresi akale oyamba ndi 1 amalembedwa ndi zilembo 58, ndipo chilembo chilichonse chimene mwawonjezera pa dzina lanu chimachulukitsa ntchito ka 58. Dzina la zilembo zinayi pambuyo pa 1, monga 1Moni, limafuna kuyesa makiyi pafupifupi 4.5 miliyoni, ndipo khadili limalipeza musanachotse chala pa batani. Zilembo zisanu, monga 1Mudzi, ndi makiyi pafupifupi 260 miliyoni, zimenenso sizifika sekondi imodzi. Zilembo zisanu ndi chimodzi ndi makiyi 15 biliyoni, kapena kuti masekondi 15. Zisanu ndi ziwiri zimatenga mphindi ngati 15. Pa zilembo 8, monga 1Mangochi, makiyi amakwana 50 thiriliyoni ndipo khadi liyenera kugwira ntchito maola pafupifupi 14, ndiye kuti mukaliyatsa madzulo mungayembekezere zotsatira m'mawa mwake kapena masana. Chilembo chimodzi chokha chikawonjezeka, maola 14 aja amasanduka masiku 34, ndipo wofuna 1Nkhotakota, dzina la zilembo 10, akhoza kudikira zaka zoposa zisanu. Malire a khadili ali pamenepo: mpaka zilembo 8 ndi ntchito yomveka, 9 ndi ya munthu woleza mtima amene ali ndi magetsi odalirika, ndipo 10 si ya khadi limodzi.

Pali zinthu ziwiri zimene sindinkazidziwa poyamba, ndipo zonse zimakhudza mayina athu. Choyamba, pa zilembo 58 zija mulibe ziro, O wamkulu, I wamkulu ndi l wamng'ono, chifukwa zimafanana m'maso ndipo munthu angalakwitse pokopera. Izi zikutanthauza kuti adiresi yoyamba ndi 1Malawi siingapezeke ngakhale mutasaka zaka zingati, pokhapokha mulembe 1MaLawi ndi L wamkulu, ndipo Lilongwe ayenera kukhala 1LiLongwe. Chachiwiri n'chobisika kwambiri. Maadiresi ambiri ali ndi zilembo 34, ndipo mwa amenewa chilembo chotsatira 1 chimachokera pa 2 kukalekeza pa Q basi. Dzina loyamba ndi R mpaka Z, kapena ndi chilembo chaching'ono, limapezeka pa maadiresi afupi okha amene ndi osowa, choncho limavuta pafupifupi ka 58 kuposa linzake lotalika mofanana. N'chifukwa chake 1Zomba, ngakhale lili ndi zilembo zisanu zokha, limatenga nthawi yofanana ndi 1MaLawi la zilembo zisanu ndi chimodzi. Munthu amene wasankha dzina la zilembo 8 loyamba ndi T kapena Z, n'kumayembekezera maola 14, adzakhala mwezi wathunthu akudabwa chimene chavuta ndi khadi lake, pamene khadilo lilibe vuto lililonse. Amene salabadira za kukula kwa zilembo angagwiritse ntchito -c, ndipo ntchito imachepa kwambiri chifukwa pulogalamu imalandira dzinalo mmene labwerera, kaya ndi zilembo zazikulu kapena zazing'ono.

Maadiresi atsopano oyamba ndi bc1q, amene anabwera ndi SegWit mu 2017, amalembedwa ndi zilembo za mitundu 32 yokha, zonse zazing'ono, motero chilembo chilichonse chimachulukitsa ntchito ka 32 m'malo mwa 58. Uku kulibe 1, b, i ndi o, ndiye dzina la dziko lathu limakanikanso chifukwa cha i wa kumapeto, koma bc1qnyanja imatheka ndipo imafuna makiyi opitirira pang'ono biliyoni imodzi, sekondi imodzi kapena iwiri pa khadili. Popeza ndalama zolipirira kutumiza zimakhala zochepa pa maadiresi a bc1q, ine ndimawakonda amenewa kuposa akale aja.

Nthawi zonse zimene ndatchulazi ndi za pakatikati, si lonjezo. Pulogalamu imaonetsa nthawi imene mwayi wopeza adiresi udzakhale utafika theka, imene pa dzina la zilembo 8 ndi maola ngati 10, koma mukhoza kulipeza pa ola loyamba kapena kudutsa tsiku lonse osalipeza. Khalidwe limeneli lili ndi ubwino wake kwa ife amene magetsi amatithimira. Kiyi aliyense amene khadi layesa sadalira anzake am'mbuyo, choncho magetsi akathima pa ola la 9 palibe chimene mwataya kupatula nthawi ndi mayunitsi, ndipo mukayambiranso ndi nambala ina yoyambira, mwayi wanu pa ola lotsatira ndi womwe uja. Chimene mungataye ndi kiyi amene wapezeka inu muli mtulo, ngati anangoonekera pa sikirini osalembedwa penapake. Pa chifukwa chimenechi sindiyatsa pulogalamuyi popanda -o, imene imalemba zotsatira mu fayilo nthawi yomweyo.

Manambala amene ogulitsa amawatamanda pa bokosi la khadili ndi 12 GB ya memory ndi ma CUDA core (timagawo tochita masamu) 3584, koma pa ntchito yathuyi onse awiri akhoza kusocheretsa wogula. Memory siigwira ntchito kwenikweni, popeza pulogalamu imangosunga manambala ochepa, ndipo khadi la 4 GB likanakwanira. Ngakhale choletsa chija chotchedwa LHR, chimene NVIDIA inaika kuti khadili lisamakumbe Ethereum mwachangu, sichikhudza kusaka makiyi. Nkhani ya ma core ndi yofunika kuimvetsa bwino. Pa makhadi a Ampere, gawo lililonse lotchedwa SM limawerengedwa kuti lili ndi ma core 128, koma ndi 64 okha amene amachita masamu a manambala athunthu pa nthawi imodzi, ena onsewo ndi a masamu a zithunzi. Kuchulukitsa manambala a ma bit 256 ndi kuwerengera SHA-256 zonse ndi za manambala athunthu. RTX 3060 ili ndi ma SM 28, ndiye kuti pa ntchitoyi ma core enieni ndi 1792, ocheperako pang'ono poyerekeza ndi 1920 a RTX 2060 ya mu 2019, imene pa bokosi imaoneka ngati ndi theka la khadi latsopanoli. Amene ali kale ndi RTX 2060 asavutike kusintha chifukwa cha ntchito imeneyi.

Njira yolondola yoyerekezera makhadi a mibadwo yoyandikanayi ndi kutenga chiwerengero cha ma SM n'kuchichulukitsa ndi liwiro la khadi. RTX 4060 ya mu June 2023 ili ndi ma SM 24 okha ndi 8 GB, koma imathamanga pa 2.46 GHz pamene RTX 3060 imalekezera pa 1.78 GHz, choncho pa pepala imaposa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo imachita zimenezi ndi mawati 115 m'malo mwa 170. Ndikanakhala kuti ndikusankha pakati pa makhadi awiriwa chifukwa cha ntchito iyi yokha, ndikanatenga RTX 4060. RTX 4090 ili ndi ma SM 128 ndipo mwa masamu omwewa imaposa RTX 3060 ka 6 ndi theka, koma inatuluka pa madola 1,599 ndipo imadya mawati 450. Chimene ndalama zonsezo zimagula n'chochepa kuposa mmene munthu angaganizire, chifukwa kuthamanga ka 6 sikukwana n'komwe chilembo chimodzi chimene chimafuna ka 58. Masiku 34 aja amatsika kufika pa masiku asanu, koma dzina la zilembo 10 limatengabe pafupifupi miyezi khumi.

Khadili likayamba kusaka limadya magetsi mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, popanda kupumira monga zimakhalira pa masewera. Mawati 170 kwa maola 14 ndi mayunitsi pafupifupi 2.4, osawerengera kompyuta yonse, ndipo kwa masiku 34 ndi mayunitsi ngati 140. Langa linafika lili ndi fumbi lambiri ndipo phala lotengera kutentha linali litauma, chizindikiro chakuti amene anali nalo poyamba analigwiritsa ntchito usana ndi usiku. Nditalipukuta ndi kuika phala latsopano, mafani anasiya kulira ngati akale. M'mwezi wa October, chipinda chikatentha, ndimachepetsa mphamvu imene khadi limaloledwa kudya pogwiritsa ntchito lamulo la nvidia-smi -pl, ndipo liwiro limatsika pang'ono kuposa mmene magetsi amatsikira. Wogula khadi lakale ayang'ane mafani onse ngati akuzungulira popanda phokoso lachilendo, ndipo asaliike pa power supply yochepera mawati 550 imene NVIDIA imalangiza.

Tsopano za kusaka makiyi a ndalama, kumene anthu ambiri amapusitsidwa. Maadiresi otheka a mtundu woyamba ndi 1 ndi 2 wochulukitsidwa yekha ka 160, nambala ya manambala 49, ndipo khadili likanafuna nthawi yoposa kutalitali zaka 13.8 biliyoni zimene asayansi amati chilengedwe chakhalapo. Wina akakugulitsani pulogalamu yoti imatsegula mawaleti otayika, dziwani kuti waleti imene akufuna kutsegula ndi yanu, ndipo ngakhale zikanatheka, kutenga ndalama za munthu wina kukanakhalabe kuba. Kusaka kokha kumene kuli kwachilungamo ndi mpikisano umene munthu wosadziwika anauyambitsa mu 2015, pamene anaika Bitcoin pa maadiresi amene makiyi ake anawafupikitsa dala: woyamba wa bit imodzi, wachiwiri wa ma bit awiri, kumakwera choncho, ndipo mu 2023 anawonjezera mphotho zake ka 10. Nambala 66 ya mpikisanowu, ya kiyi wa ma bit 66, imene inali ndi 6.6 BTC, inapezeka mu September 2024. Kuti khadi langa liyese makiyi onse a nambala imeneyo pa biliyoni imodzi pa sekondi likanatenga zaka pafupifupi 1,170, ndipo pa nambala 71 zaka zake ndi zoposa 37,000.

Ngakhale biliyoni imodziyo ndi yokomera khadili. VanitySearch imaonetsa liwiro lalikulu chifukwa pa mfundo iliyonse imene yawerengera imatulutsapo maadiresi 6, pogwiritsa ntchito khalidwe lapadera la secp256k1, ndipo pofuna dzina lokongola kiyi aliyense ndi wolandirika. Pa mpikisano uja kiyi ayenera kukhala m'kati mwa malire odziwika, ndipo asanu mwa 6 aja amagwera kunja kwa malirewo. N'chifukwa chake si bwino kuyerekeza nambala ya VanitySearch ndi ya BitCrack, pulogalamu yosakira makiyi a mpikisanowu, ngati kuti zikuyeza chinthu chimodzi. Palinso ngozi ina kwa wopambanayo. Pamene akutumiza ndalamazo kiyi wapoyera amaonekera kwa onse, ndipo ndi njira ya kangaroo ya John Pollard, imene Jean-Luc Pons anailemberanso pulogalamu, kiyi wa ma bit 66 amapezeka ndi masitepe mabiliyoni ochepa chabe, ntchito imene khadi ngati langali lingamalize block yotsatira, imene imatsimikiza kutumizako, isanatuluke. Zinamveka kuti mphotho ya nambala 66 inalandidwa mwa njira imeneyi ndi makompyuta amene ankangodikirira.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kuposa liwiro ndi kumene kiyi wachokera. Pulogalamu ya Profanity, imene inkapanga maadiresi odzisankhira a Ethereum ndipo inkatamandidwa chifukwa chothamanga, inkayambira pa nambala ya ma bit 32 yokha, kutanthauza kuti poyambira ponse panali 4.3 biliyoni basi. Mu September 2022 gulu la 1inch linachenjeza poyera kuti makiyi otere akhoza kuwerengeredwa chobwerera, ndipo patangopita masiku ochepa kampani ya Wintermute inaberedwa ndalama zokwana pafupifupi madola 160 miliyoni kudzera pa adiresi imene inapangidwa ndi pulogalamuyo. Makhadi omwewa amene anapanga maadiresi okongolawo ndi amenenso anali okwanira kuwathyola. Ine ndikamapanga adiresi yoti idzalandire ndalama zenizeni ndimachotsa kompyuta pa intaneti, ndimapereka ndekha nambala yoyambira yaitali ndi yosalozeka m'malo mosiyira pulogalamu, ndipo ndimayamba ndatumizako ndalama zochepa n'kuzibweza kuti nditsimikize kuti kiyiyo akugwiradi ntchito.

Mbali ya VanitySearch imene ndimaiyamikira koposa ndi ya kiyi wogawika pawiri, ndipo ndi imene imachititsa kuti khadi limodzi lithandize anthu ambiri. Mnzanu wofuna adiresi amapanga kiyi wake wachinsinsi pa kompyuta yake, n'kukupatsani kiyi wapoyera yekha. Inu mumasaka ndi -sp, ndipo chimene mumapeza ndi chidutswa chabe chimene pachokha sichitsegula kanthu. Iye amachiphatikiza ndi kiyi wake uja pogwiritsa ntchito -rp, ndipo kiyi womaliza amakhala wake yekha. Liwiro limatsika pang'ono kapena osatsika n'komwe, koma palibe chifukwa choti wina akhulupirire mnzake pa nkhani ya ndalama. Masamba a pa intaneti amene amakupangirani adiresi n'kukutumizirani kiyi wathunthu ndi oyenera kuwapewa, chifukwa amene wapanga kiyiyo akhoza kusunga kope lake n'kudikira mpaka tsiku limene mudzaikepo ndalama zambiri.

Tisaiwalenso kuti dzina la kumayambiriro kwa adiresi si umboni wakuti adiresiyo ndi ya munthu amene mukumudziwa. Ngati khadi langa limapanga 1MaLawi m'masekondi 15, wakuba nayenso akhoza kupanga ina yoyamba chimodzimodzi m'masekondi omwewo. Mu May 2024 munthu wina anatumiza 1,155 WBTC (ndalama yoimira Bitcoin pa Ethereum), pafupifupi madola 68 miliyoni, ku adiresi yabodza imene inafanana ndi yake poyambira ndi pothera, ngakhale kuti pambuyo pake ndalamazo zinabwezedwa. Adiresi yodzisankhira imalimbikitsanso chizolowezi chogwiritsa ntchito adiresi imodzi mobwerezabwereza, zimene zimalola aliyense kuona zonse zimene mwalandira. Ndimaiona kuti ndi yoyenera pa zopereka za poyera, monga za bungwe limene likufuna kuti anthu aone ndalama zikulowa, osati posungira chuma cha banja.

Kwa munthu amene ali kale ndi kompyuta ndipo wapeza RTX 3060 yosamalika pa mtengo wotsika bwino poyerekeza ndi RTX 4060, khadili ndi loyenera kugula, makamaka ngati adzaligwiritsanso ntchito pokonza mavidiyo kapena zina zimene 12 GB ija ili ndi phindu. Amene akufuna adiresi imodzi yokha ya zilembo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi sakufunika kugula kanthu, chifukwa CPU yake idzaipeza m'mphindi kapena m'maola ochepa, ndipo wofuna ya zilembo 8 apemphe mnzake amene ali ndi khadi kuti amusakire usiku umodzi mwa njira ya kiyi wogawika pawiri ija.